Wangari Maathai, mayi amene ankawerenga mitengo yophuka yokha

Mayi Wangari Maathai anabadwa mu 1940 m'mudzi wa Ihithe, m'dera la Nyeri ku Kenya. Anaphunzira sayansi ya zamoyo ku America, ndipo mu 1971 anapata digiri ya PhD pa yunivesite ya Nairobi. Kum'mawa ndi pakati pa Africa kunalibe mayi amene anali atafikapo pamenepo.

Koma chimene chinawatchukitsa sichinayambire m'kalasi. Amayi akumidzi ankadandaula kuti nkhuni zasowa, akasupe akuphwa, ana akunyentchera poti minda yadzaza tiyi ndi khofi wogulitsa. Kwawo kwa Mayi Maathai, mkuyu waukulu umene makolo ankauopa kuudula unali utagwetsedwa, ndipo kamtsinje ka pafupi nawo, momwe iwo ali mwana ankaseweretsa mazira a achule, kanali katauma. Mayi Maathai anaona kuti madandaulo onsewa gwero lake ndi limodzi.

Mu 1977 anayambitsa bungwe la Green Belt Movement pobzala mitengo isanu ndi iwiri mumzinda wa Nairobi. Nzeru yake inali yapafupi. Amayi ankatola okha njere za mitengo yachilengedwe, n'kufesa m'nazale zawo, ena m'zitini zakale, ndipo ankalandira kangachepe pa mbande iliyonse imene yapirira n'kukula. Apa mpamene panagona luntha: kubzala mtengo pamaso pa atolankhani n'kosavuta, ntchito ndi kuuthirira m'chilimwe. Bungweli labzala mitengo yoposa 51 miliyoni.

Posakhalitsa anazindikira kuti nkhalango siziwonongedwa ndi osauka okha. Mu 1989 anatsutsa boma la Daniel arap Moi litafuna kumanga nyumba yosanja ka 60 m'paki ya Uhuru. Anawanyoza m'nyumba ya malamulo, koma nyumba ija sinamangidwe. Mu 1999 alonda anawatema m'mutu ku nkhalango ya Karura, imene akuluakulu ankagawana mwachinyengo.

Anasankhidwa kukhala phungu wa dera la Tetu mu 2002, ndipo mu 2004 anakhala mayi woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Ena anafunsa kuti mitengo ikukhudzana bwanji ndi mtendere, ngati kuti sanaonepo anthu akulimbirana madzi ndi malo odyetsera ziweto.

Anamwalira ndi khansa pa 25 Sepitembala 2011. Potsatira zofuna zawo, bokosi lawo analiluka ndi namasupuni, gumbwa ndi nsungwi kuti pasadulidwe mtengo ndi umodzi womwe.