ZA MAI MSOSA, WOWERUZA WAMKURU, NDI ZA ANA ATHU AAKAZI

Kwa Mafumu, Anyakwawa, Akuru a Mipingo, Aphunzitsi ndi Mamembala onse a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma.

Akuruakuru ndi abale athu,

Tisanakomane pa msonkhano ukudzawu, ife a Komiti taona kuti nkwabwino kukutumizirani kalata iyi, kuti munthu ali yense adze atalingalira kale mau ace. Nkhani imene tifuna kuika pamaso panu ndiyo ya maphunziro a ana athu aakazi. Ndipo pakuti mlandu suweruzidwa popanda mboni, taitana mboni imene dziko lonse liidziwa, ndiyo Mai Anastasia Msosa, amene anali Woweruza Wamkuru wa dziko la Malawi kuyambira 2013 kufikira 2015.

1. Za moyo wao. Mai Msosa anabadwa m'caka ca 1950, masiku amene makolo ambiri anali kuyesa sukulu cinthu ca anyamata okha. Anaphunzira pa sukulu ya asungwana ya ku Likuni, m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe. Pambuyo pace anakaphunzira malamulo ku Chancellor College, natsiriza mu 1975. Anatumikira Boma zaka zambiri, poyamba monga loya wa Boma, bwino lace monga woimira amphawi osakhoza kudzilipirira loya, kufikira anakwera nakhala Registrar General. Mu 1992 anaikidwa kukhala woweruza m'bwalo la High Court, ndipo mpando umenewo sunakhalidwepo ndi munthu wamkazi ndi kale lonse. Mu 1997 anakwezedwanso kunka ku Supreme Court, bwalo lotsiriza kumene milandu ya apilo ithera.

2. Za masiku amene anayamba kuweruza. Acinyamata sadziwa kuti mabwalo anali otani pa nthawi ija, cifukwa cace tiwakumbutse. Mu 1969 Boma linapatsa mabwalo ochedwa Traditional Courts mphamvu yakuweruza ngakhale milandu yakupha munthu, ndipo kumeneko woimbidwa mlandu sanaloledwa kukhala ndi loya. Bwalo lotere ndilo linagamula mu 1983 kuti Orton Chirwa ndi mkazi wace Vera Chirwa aphedwe. Cilangoco cinasinthidwa nicikhala ndende ya moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya ku Zomba mu 1992, ndi Vera anamasulidwa mu 1993. Munthu wolandira mpando wa woweruza m'zaka zimenezo analandira nchito imene anthu ambiri anali ataleka kuikhulupirira.

3. Za cisankho ca 1994. Pa 14 June 1993 a Malawi anasankha kuti pakhale zipani zambiri. Tsono panafunika munthu wakuyang'anira cisankho coyamba, munthu amene mbali zonse zikabvomereza kuwerenga kwace. Katundu ameneyo anasenzetsa Mai Msosa, nawaika pa mpando wa Bungwe la Cisankho. Voti inaponyedwa pa 17 May 1994. Opikisana odziwika anali Dr. Kamuzu Banda, Bakili Muluzi ndi Chakufwa Chihana, ndipo Muluzi anapambana. Tinene poyera: ambiri a ife a Cigawo ca Pakati tinaponyera Kamuzu, ndipo tinagonja. Koma Kamuzu mwini anabvomera kugonja kwace pa wailesi, ufumu unacoka m'manja ena kulowa m'manja ena popanda nkhondo, ndipo ife tinabwerera ku minda yathu mumtendere. Sitinena kuti Mai Msosa anacita zonsezi okha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Cimene tinena ndi ici: pa tsiku loopsa lija, dziko linaikiza mtendere wace m'manja a mwana wamkazi amene makolo ace anamlola kuphunzira.

4. Za mpando wa Woweruza Wamkuru. Mai Msosa anayang'aniranso cisankho ca 2009, cimene Bingu wa Mutharika anapambana. Ogonja anadandaula, monga John Tembo amene anakana zotsatira zace. Ndipo sitibisa zimenezi, pakuti woweruza wosadandaulidwa sanabadwe. Mu 2013 Pulezidenti Joyce Banda anawachula kukhala Woweruza Wamkuru. Malamulo akuru a dziko lino salola Pulezidenti kuika munthu pa mpando umenewu mwa iye yekha: Nyumba ya Malamulo iyenera kubvomereza ndi magawo awiri a magawo atatu a aphungu oponya voti. Aphungu anabvomereza, ndipo Mai Msosa anakhala mkazi woyamba kutsogolera mabwalo onse a dziko. Mu 2015, atakwanitsa zaka 65 monga lamulo la nthawiyo linanenera, anatula mpando, nalowa m'malo mwao Andrew Nyirenda.

5. Mau a otsutsa. Tidziwa kuti ena adzaimirira pa msonkhano ndi kuti, ng'ombe yaikazi siikoka ngolo. Amenewo tiwafunsa: kodi ngolo ya 1994 anaikoka ndani? Ndiponso mau awa sayenera kuturuka m'kamwa mwa ife, amene mudzi tiuwerengera ku mbumba, ndi ufumu tiulowa potsata bere la amai. Ngati mkazi ali tsinde la pfuko, bwanji tsindelo tilimana madzi?

Ena adzati, si msungwana ali yense adzakhala Woweruza Wamkuru. Izi nzoona, ndipo si mnyamata ali yense adzatero. Koma sitinamve munthu akuturutsa mnyamata m'sukulu pa cifukwa cimeneco. Msungwana wophunzira, angakhale asafike ku sukulu ya ukacenjede, adzawerenga yekha pepala la fodya pa msika, adzamva malangizo a ku cipatala, ndipo pamene mwamuna wace amwalira adzadziwa kuti pali lamulo loletsa abale kulanda cuma ca amasiye.

Ena adzati, umphawi. Awa ndiwo tiwamvera ndi mtima wonse, pakuti bvuto lao liri loona. Sukulu ya pulaimale inaleka kulipiritsa mu 1994, koma zobvala, makope, sopo ndi ulendo wautali zikali kulemera pa banja limene nkhokwe yace itha mvula isanagwe. Koma onani cimene ticita pamene ndalama zacepa: tiyamba kucotsa msungwana, ndi kumtuma kusoka fodya m'cigafa, kulera ana anzace, kapena kumkwatitsa. Umphawi ndiwo uticepetsera ndalama. Koma wosankha mwana woti atsale ndife eni.

6. Zimene tipempha msonkhano upangane.

(a) Kuti Mafumu ndi ankhoswe akane kumanga ukwati wa mwana wosafika zaka 18. Ili ndi lamulo la dziko kuyambira 2015, ndipo mu 2017 linalowa m'malamulo akuru. Ukwati wa kwathu suima popanda nkhoswe. Ankhoswe akakana, watha.

(b) Kuti anamkungwi acite cinamwali m'masiku a chuthi, ndi kulangiza anamwali kuti kukula msinkhu sikutha kwa sukulu.

(c) Kuti msungwana amene wabala mwana abwerere ku sukulu. Boma linalola zimenezi kuyambira 1993, koma manyazi ndi miseche ya pamudzi ndizo zitseka khomo.

(d) Kuti mudzi uli wonse ukhale ndi thumba, limene tidzaponyamo pokolola mtedza ndi pogulitsa fodya, lakuthandiza msungwana wosankhidwa kunka ku sekondale amene makolo ace alephera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

(e) Kuti amai akhale nao m'Komiti yathu ndi kulankhula pa mabwalo a midzi, asungwana aone ndi maso kuti mau a mkazi amveka pa mlandu.

Akuruakuru, m'mera mpoyamba. Tsiku limene Mai Msosa analowa m'kalasi yoyamba panalibe wodziwa kuti adzakhala yani, monganso ife sitidziwa za ana amene ali kutunga madzi pa mijigo yathu lero. Cifukwa cace tikupemphani kuti mfumu ili yonse idze ku msonkhano ndi ciwerengero ca asungwana a m'mudzi mwace amene aleka sukulu caka cino, ndi cifukwa ca ali yense. Kalatayi iwerengedwe pabwalo ndi m'machalichi, kuti osadziwa kuwerenga amve naonso. Mudze ndi amai.

Tsalani ndi mtendere.

Ife anchito anu,
A Komiti.