Agalu a mu Lusaka akusowa pothamangira

Pamageti ambiri a ku Woodlands ndi ku Kabulonga pali chikwangwani chochenjeza za agalu olusa. Ukalowa mkati, galu wonenedwayo sumupeza pakapinga. Ali kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi, m'kakhola ka mabuloko kofolera ndi lata, momwe mu Okutobala amakhala lilime lili panja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Amamutsegulira usiku anthu akamakagona, kusanache n'kumubwezeramo. Ku Chelstone ndi ku Kabwata, kumene mayadi ndi aang'ono, m'malo mwa khola pali unyolo womangirira kumtengo wa mango, ndipo pansi pake udzu unatha mozungulira, kulekezera pomwe unyolowo umathera. Eni ake amati galu akamaona anthu masana amafatsa, ndiye sangalonde nyumba. Ine ndikuti galu wosungidwa chotere ndi amene amadzang'amba mwana wa aneba tsiku limene wina waiwala kutseka geti.

Kwathu ku Katete agalu amatsagana ndi anyamata kubusa, amapita kuuzimba wa akalulu, madzulo n'kudzagona pakhonde. Amadziwa mwana, amadziwa mbuzi, amadziwa kuti mlendo amene mwininyumba wamupatsa mpando si wakuba. Palibe anawaphunzitsa zimenezi, anangozolowera poona tsiku ndi tsiku. Koma boerboel kapena German shepherd wa m'tauni, wogulidwa ndi ndalama zambiri, amakula osanunkhizanapo ndi galu mnzake, osaonapo mwana akuthamangira mpira. Chilichonse chachilendo chimamuchititsa mantha, ndipo galu wamantha sachedwa kuluma.

Wanga ndimayenda naye pachingwe m'misewu ya ku Woodlands, ndipo ndimaona momwe anthu amapatukira. Tsiku lina mayi wina wogulitsa chimanga chootcha anakokera mwana wake kumbuyo, n'kundifunsa, "Atate, aluma ameneyo?" Ndinati, "Iyayi amayi, saluma, ndiponso ndamugwira." Iwo anapukusa mutu: "Nonse mumatero, atate." Mayiwo sanalakwitse. Mu mzinda uno munthu akaona galu amaganiza za chiwewe, ndipo ali ndi chifukwa. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, pafupifupi onsewo a ku Africa ndi ku Asia, ndipo mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, mankhwala palibe. Choncho sindingamasule galu wanga pamsewu, ngakhale ndikumudziwa mtima wake.

Kumene ndimamumasulira ndi ku Forest 27, nkhalango ya kum'mawa kwa mzinda cha ku Leopards Hill Road. Chingwe chikangochoka m'khosi amayamba waima kaye, kundiyang'ana ngati sakukhulupirira, kenako liwiro. Amalowa m'masamba ouma mphuno ili pansi, kuzungulira chulu, kubwerera kudzandigunda mwendo, n'kupitanso. Akakumana ndi galu wina sathamangirana maso ndi maso. Amayandikirana chammbali, kununkhizana, mmodzi n'kugwetsa chifuwa pansi mchira uli m'mwamba, kuitana mnzake kuti asewere. Tikabwerera kunyumba amamwa madzi, n'kugona, ndipo usiku umenewo sauwa chisawawa. Akauwa ndiye kuti kuli kanthu.

Koma Forest 27 si yankho la mzinda wonse. Ili kutali, imafuna galimoto, ndipo kondakitala wa minibasi sangakulole kukwera ndi galu. Ilibe mpanda woteteza othamanga ndi apanjinga amene amagwiritsanso ntchito tinjira take. Nayonso ikuchepa: mu 2017 mbali ina inachotsedwa pamndandanda wa nkhalango zotetezedwa n'kugawidwa mapuloti, chikhalirecho ndi malo amene amadyetsa madzi mtsinje wa Chalimbana.

Kwina anthu anapeza njira. Ku Berkeley, m'dziko la America, anthu a m'dera lina anayamba mu 1979 kumasulira agalu awo pamalo opanda ntchito, ndipo malowo ndiwo Ohlone Dog Park ya lero. Ku Johannesburg eni agalu amasonkhana ku Emmarentia. Kapangidwe ka malo otere m'mizinda yambiri n'kosavuta: mpanda wa waya, mageti awiri otsatizana kuti galu asathawire kunja wina akamalowa, mpopi wa madzi, bini yotayamo zonyansa zimene mwini galu amatola yekha, ndi chigawo chapadera cha tiagalu ting'onoting'ono.

Ndikudziwa zimene owerenga ena akunena: mzinda umene ukulimbana ndi kolera, zinyalala ndi kuzimazima kwa magetsi ungataye nthawi ndi bwalo la agalu? Funso limeneli n'lomveka, ndipo likanakhala bwalo losangalatsira a ku Kabulonga okha, amene mayadi awo ndi aakulu kale, sindikanalemba. Chimene chikundikoka ine ndi geti la bwalolo. Lamulo la Control of Dogs Act, Chapter 247, limafuna kuti agalu alembetsedwe ndi kubayidwa katemera wa chiwewe, koma ndani angayende nyumba ndi nyumba, kusuzumira kuseri kwa mipanda yonse ya mu Lusaka? Pageti la bwalo nkhani imasintha. Wopanda khadi la katemera salowa, ndipo mwini galu amapita yekha kukabayitsa chifukwa pali chimene akufuna. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akatemeredwa, chiwewe chimasiya kufalikira m'deralo. Madokotala a ziweto tili nawo: sukulu ya Samora Machel School of Veterinary Medicine ili pa yunivesite ya UNZA pomwepa m'mbali mwa Great East Road, a Lusaka Animal Welfare Society nawonso alipo. Pa 28 Seputembala, tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe padziko lonse, atha kuika tebulo lawo pageti lomwelo. Mayi wachimanga uja ndi mwana wake apindule, ngakhale sadzalowamo.

Vuto lalikulu ndi malo. Stanley Adshead atajambula mapulani a mzinda uno mu 1931, umene unadzakhala likulu mu 1935, maganizo anali oti ukhale wa mitengo ndi mabwalo. Amene anakulira ku Kabwata, Libala kapena Chilenje angakuuzeni pomwe ankamenyera mpira wachikulunga, ndipo lero pambiri paima mabala, mashopu ndi potsukira magalimoto. Ngati m'dera mwatsala bwalo limodzi lokha, limenelo n'la ana, palibenso kukambirana. Koma kachidutswa kapambali kotchingidwa ndi waya kamathandiza ana omwewo, chifukwa agalu ndi zonyansa zawo amachoka pabwalo la mpira.

Ndalama zoyambira si zoopsa. Thumba la boma la chitukuko cha m'madera, la CDF, linakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse, ndipo waya, mageti awiri ndi mpopi n'kadontho chabe pamenepo. Ndikupempha makomiti a zachitukuko a m'mawodi a ku Kabwata ndi ku Munali, komwe kuli Chelstone, kuti akhale pansi ndi Lusaka City Council ayese bwalo limodzi. Eni agalu tizilipira kangachepe polowa kuti mlonda wa pageti alandire malipiro, ndipo galu amene waluma mnzake kapena munthu asaloledwenso kufikira dokotala wa ziweto atamuona.