Tiyeni tikaone zamoyo za m'nyanja yathu

Alendo amabwera ku Nyanja ya Niassa kucokera kutali. Ena amacokera ku Lichinga, ena ku Maputo, ena kunja kwa dziko. Amabwera ndi ana awo. Amalipira ndalama zambiri kuti aone mbalame, nsomba ndi nyama. Ife a ku Metangula tili nazo pakhomo. Kodi ana athu amazidziwa?

Makolo, ine ndikuti banja lililonse lipatule tsiku limodzi pa chuthi, likayende m'mbali mwa nyanja. Galimoto siifunika. Miyendo ndi maso zikwana.

Mulawire m'mamawa, nyanja ili bata. Pamtengo wautali mudzaona nkhwazi ya mutu woyera. Imatsika mwaliwiro n'kugwira nsomba ndi zikhadabo. Pakati pa miyala mudzaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga. Mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa. Masiku ena mudzaona ngati utsi pakati pa nyanja. Si moto ayi, ndi nkhungu zikuuluka.

Wina adzati, kuona sikukhutitsa mimba, kuli bwino kupita kumunda. Zoona, nchito ndi yambiri. Koma tsiku limeneli silitayika. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mcere pa dziko lapansi. Mu 2011 boma la Mozambique linaika mbali yathu ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa. Koma lamulo lokha silingalonde dooko lililonse. Olonda ake ndife.

Mwana amene waona mbuna ikusunga ana ake adzamvetsa cifukwa cake sitiwedza ndi neti ya udzudzu. Neti imeneyi imakokolola ndi tiana tomwe. Tiana tikatha, usipa ndi cambo zidzasowa m'mbale zathu. Neti ya udzudzu ndi yogonamo, kuti tisadwale malungo.

Ana inu, legeni itsale kunyumba. Yendani pafupi ndi akulu. Ng'ona ndi mvuu zimakonda m'mabango ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja. Zimenezi timaonera patali.

Madzulo funsani agogo maina a zonse mwaona. Jambulani cimodzi m'kope mwanu. Sukulu ikatsegulidwa, mubwere naco, tidzalembe dzina lake pabolodi m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi.