ZA M'MAOFESI: Mabatani a Kalaliki Akasowa pa Kompyuta

Awerengi, sabata ino tikambirane za vuto limene lioneka laling'ono koma liimitsa nchito m'maofesi a masukulu, a makoparetivu ndi a makomiti a citukuko ku Petauke ndi ku Nyimba. Kuyambira m'caka ca 2022, pamene ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse, zolemba zaculuka: mafomu a ana ofuna thandizo la sukulu, maina a magulu a amai ndi acinyamata, kuonjezera pa mndandanda wa alimi a FISP. Kalaliki wanzeru amadzipangira menyu yake mu Excel kapena mu Word, batani lina loika maina m'dongosolo, lina losindikiza kalata ya masiku onse. Tsiku lina kompyuta idwala, wokonza aipukuta yonse, ndipo mabatani aja apita. Nchito ya m'mawa umodzi iyamba kudya masiku, pamene anthu amene anapalasa njinga kucokera kumidzi ali panja kudikira.

Cifukwa cake n'cakuti zinthu zimenezi sizikhala pamodzi ndi makalata. Word isunga zake m'fayilo yochedwa Normal.dotm, Excel isunga ma macro mu Personal.xlsb, ndipo zonsezi zili m'foda yobisika ya AppData. Wokonza amakopera za mu Documents, naganiza kuti wapulumutsa zonse.

Kufikira pa Office 2003 mamenyu anali mizere ya mau pamwamba. Office 2007 inabweretsa lamba wa zithunzi wochedwa Ribbon, ndipo akalaliki akale anadandaula kuti awasokonezera m'nyumba. Komabe menyu yomangidwa ndi macro sinafe: ionekera pansi pa mau akuti Add-ins kufikira lero. Apa m'pamene pali cithandizo cathu, pakuti menyu yolembedwa m'mau ingathe kumangidwanso nthawi iliyonse.

Kacitidwe kake mu Excel ndi aka. Ngati mulibe Personal.xlsb, jambulani macro iliyonse yaifupi n'kusankha kuti isungidwe mu Personal Macro Workbook; fayiloyo ibadwa yokha. Dinani Alt ndi F11 pamodzi, tsegulani Module yatsopano m'menemo, ndipo mulembe macro yochedwa Auto_Open, imene Excel imaiyendetsa yokha ikamatseguka. Mzere wake waukulu ndi uwu:

Set m = Application.CommandBars("Worksheet Menu Bar").Controls.Add(Type:=msoControlPopup, Temporary:=True)

Pambuyo pake m.Caption ipatsa menyuyo dzina, ngakhale la Cinyanja kapena la Cinsenga, ndipo batani lililonse limene muonjezera lilandira dzina lake ndi OnAction, kutanthauza macro imene liyenera kuitana. Mau akuti Temporary musawasiye. Acititsa kuti menyu ifafanizike potseka Excel n'kumangidwanso mawa lake. Popanda iwo mungapeze mamenyu ofanana atatu kapena anai ataima pamzere ngati nthoci za pamsika wa Nyimba. Ngati yaonongeka ndi menyu ya batani lakumanja la mausi, mzere umodzi wokha uibweza monga inaliri poyamba:

Application.CommandBars("Cell").Reset

Mukatha, sankhani File ndi Export File, ndipo Module ituluka ngati kafayilo kothera ndi .bas. Citani cimodzimodzi ndi ma macro amene mabataniwo aitana, popeza menyu yopanda iwo ndi citseko copanda nyumba. Amene anakonza mabatani ao pa Ribbon ndi manja, monga cilolekera kuyambira pa Office 2010, awatulutse kupyolera mu Options, Customize Ribbon, Import/Export.

Cenjezo ndi lakuti macro ya munthu wosadziwika musailandire. Kacirombo ka Melissa ka mu Marichi 1999 kanafalikira m'dziko lonse lapansi kupyolera mu macro ya Word, ndipo kuyambira mu 2022 Microsoft imatsekereza ma macro a m'mafayilo ocokera pa intaneti.

Ife tiona kuti mlandu waukulu uli pa akulu a maofesi. Kalaliki akasamutsidwa kupita ku Lusangazi kapena ku Sinda, amam'funsa makiyi, cidindo ndi buku la malisiti, koma za fayilo ya .bas palibe wofunsa. Aphunzitsi aakulu ndi alembi a makoparetivu aionjezere pa pepala lopatsirana ofesi, ndipo ikhale pa fulashi yosungidwa m'kabati imodzi ndi cidindo.