Kuziziritsa RAM ndi madzi: liwiro kapena kungotchena?

Ngati mumakonda mavidiyo a makompyuta pa TikTok kapena YouTube, mudaziwonako izi: bokosi lagalasi, m'kati mukuthwanima ngati siteji ya dansi, timapaipi toonekera tikuyendetsa madzi obiriwira kapena ofiira. Masiku ano timapaipito sitikuthera pa pulosesa ndi khadi ya magemu pokha. Ena akutifikitsa mpaka pa RAM, n'kumati mukatero kompyuta iziuluka. Achinyamata amene akusonkhanitsa ndalama zomangira kompyuta ya magemu kapena yokonzera mavidiyo ayamba kufunsa ngati zimenezi n'zofunika. Ine ndikuti kwa ambirife imeneyi ndi ndalama yotaya, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe tamvana kaye. RAM ili ngati tebulo limene kompyuta imayalapo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo, pomwe SSD kapena hard disk ndi kabati yosungiramo katundu. Tebulolo likamapereka zinthu msanga, pulosesa siikhala pansi kudikira. Tsono overclocking ndi kuikakamiza RAM kuti izithamanga kupyola liwiro limene idabwera nalo, ndipo kawirikawiri pamafunika kuiwonjezera mphamvu ya magetsi. DDR4 idapangidwa kuti iziyenda pa ma volt 1.2, DDR5 pa 1.1, koma okonda liwiro amakweza kufika pa 1.35, 1.45 ngakhale kupyola apo. Magetsi akachuluka, kutentha nako kumakwera. Mpaka apa amalonda sakunama.

Funso n'lakuti kutenthako n'kochuluka bwanji? Pulosesa ngati Intel Core i9-14900K imatha kudya ma watt 253 ikapanikizika. Khadi ya magemu ya Nvidia RTX 4090 imafika pa 450. Zimenezi ndi mbaula zenizeni, ndipo kuziikira madzi n'zomveka. Koma kandodo kamodzi ka RAM kamadya ma watt ochepa chabe, nthawi zambiri osafika n'komwe 10. Taganizani: pampu, mapaipi, zolumikizira ndi madzi ake, zonsezi pofuna kuthana ndi kutentha kosasiyana kwenikweni ndi kwa babu ya LED ya kuchipinda kwanu.

Komabe tisawanyoze okonda madziwa, pali pamene ali ndi mfundo. RAM imasunga uthenga ngati timagetsi tochepa m'tizipinda mabiliyoni, ndipo tizipindato timadontha ngati ndowa yobooka. N'chifukwa chake kompyuta imatidzazanso mobwerezabwereza. Pa DDR4, kachipinda kalikonse kamayenera kudzazidwanso pasanathe ma millisecond 64. Kukatentha, kudonthako kumafulumira, moti bungwe la JEDEC, limene limaika miyezo ya RAM, limati kutentha kukapyola madigiri 85 kudzazako kuzichitika mowirikiza kawiri.

Akatswiri a overclocking amachita zotsutsana ndi zimenezi. Iwo amatalikitsa mpata wa pakati pa kudzazako, umene amautcha tREFI, n'cholinga choti RAM isamataye nthawi. Pamenepo ndiye kuti akusewerera m'mphepete mwa phompho, ndipo madigiri ochepa chabe akhoza kuyambitsa zolakwika: gemu kungotsekeka yokha, kapena fayilo kuwonongeka mwakachetechete. Machipi otchuka a Samsung B-die a pa DDR4 ankadziwika ndi khalidwe limeneli, kuti akapanikizidwa kwambiri ankayamba kuvuta kutentha kukamayandikira madigiri 50. DDR5, yomwe idafika pamsika mu 2021, ili ndi kachipi kowongolera magetsi pa kandodo pomwepo, ndipo nako kamatulutsa kutentha kwake.

Choncho kuziziritsa kumathandiza, inde. Koma ntchito imeneyi kafani wamba ka mamilimita 120 kolozetsedwa pa RAM kamaigwira bwinobwino. Makampani ngati Corsair ndi G.Skill adagulitsapo mafani a RAM kalekale pa chifukwa chomwechi. Madzi akhoza kutsitsa madigiri ena angapo kuposa fani, koma madigiri amenewo amangopindulira munthu amene wakweza kale magetsi kufika pomwe ambirife sitingayerekeze. Ngakhale iyeyo phindu lake amaliwona pa manambala a mapulogalamu oyesera liwiro. Mukamasewera Call of Duty kapena mpira wa EA Sports FC, diso lanu silingasiyanitse kanthu.

China chimene mavidiyo aja satiuza n'chakuti madzi si firiji. Ntchito yake ndi kunyamula kutentha kupita nako ku radiator, yomwe imakutayira mumpweya wa m'chipinda chanu. Madziwo sangazizire kuposa mpweya umenewo. Mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene kutentha kumafika madigiri 40, madzi anuwo amayambira pomwepo. Ndiye ngati mapaipi omwewo akudutsanso pa pulosesa ndi khadi ya magemu, madzi onse a m'mapaipimo amakhala ofunda kale. RAM yomwe inali phee ikhoza kumalandira kutentha kwa anzake.

Nanga mbiri zija zoti DDR5 idapyola liwiro la 12 000 MT/s? N'zoona, zidachitika mu 2024. Koma ambiri mwa ophwanya mbiri zimenezi sadalira timapaipi tokongola tija. Amathira nayitrojeni wamadzi, yemwe amazizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro. Amaika kandodo kamodzi kokha, n'kuzimitsa mbali zambiri za pulosesa, ndipo kompyutayo imangofunika kupirira kanthawi kokwana kutsimikizira liwirolo kuti alitumize ku HWBOT, tsamba limene amapikisanirako. Ndi masewera, ngati mpikisano wa magalimoto a Formula One. Palibe amagula galimoto yoteroyo kuti azipitira ku Limbe kukagula kaunjika.

Tisaiwalenso ngozi zake. Zipangizo zamadzi za RAM, zonga zimene amapanga a EKWB a ku Slovenia, kawirikawiri zimafuna kuti muyambe mwasenda chitsulo chimene RAM idabwera nacho. Chitsulocho chimakhala chomatidwa zolimba, ndipo mukakoka molakwika chipi imazuka nacho limodzi. Pamenepo RAM yatha, ndipo wogulitsa sangakubwezereni ina chifukwa mwaiwononga nokha. Cholumikizira chilichonse chowonjezera ndi malo enanso pamene madzi angadonthere, pamwamba penipeni pa motherboard. Madziwo amafunanso kusinthidwa nthawi ndi nthawi. Kuno kwathu zonsezi n'zoitanitsa kunja, ndalama zakunja zili zosowa, kuphatikizapo mtengo wotumizira ndi msonkho. Kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM idakwera kwambiri padziko lonse chifukwa makampani a AI akugula machipi ochuluka. Aise, nthawi ngati ino n'kumaseweretsa RAM ndi mpeni?

Ngati mukufunadi liwiro, yambani ndi zaulere. Anthu ambiri amagula RAM yolembedwa 3200 kapena 6000, koma m'kompyuta ikuyenda pa 2133 kapena 4800 chifukwa sadayatse XMP ya Intel kapena EXPO ya AMD mu BIOS. Kungoyatsa kumeneko ndi overclocking kale, yoyesedwa ndi opanga, ndipo ndi pamene pali phindu lalikulu. Chachiwiri, ikani tindodo tiwiri m'malo mwa kamodzi kuti uthenga uziyenda misewu iwiri. Chachitatu, yezani musanagule. Pulogalamu ya HWiNFO imaonetsa kutentha kwa DDR5, ndipo MemTest86 imakuuzani ngati RAM ikulakwitsa. Mukapeza kuti ikutenthadi, pukutani fumbi, konzani kayendedwe ka mpweya m'bokosi, ikani kafani kaja. Ndalama ikatsala gulani UPS, chifukwa chimene chingakudyereni ntchito yanu msanga kuno ndi kuthima kwa magetsi, osati madigiri asanu a pa RAM.

Dziwaninso kuti malaputopu ambiri komanso makompyuta a mu ofesi ogwiritsidwapo kale ntchito, omwe ambirife timagula, salola n'komwe kusintha liwiro la RAM. Kwa eni makina oterowo nkhani ya madzi ilibe poyambira.

Inu a pafoni, musaganize kuti sizikukukhudzani. Mawu oti liquid cooling adafika kale pa mabokosi a mafoni. Samsung Galaxy S7 ya mu 2016 ndi Poco F1 ya mu 2018 zidatchuka nawo. M'mafoni ambiri otere mulibe pampu ayi. Muli kachubu kapena kambale ka kopa kotsekeratu, kokhala ndi timadzi tochepa kwambiri timene timasanduka nthunzi pamalo otentha n'kukazizira kwina. Zimathandizadi kumwaza kutentha, makamaka poti m'mafoni ambiri RAM imakhala pamwamba penipeni pa pulosesa. Koma mawu okhawo sakutsimikizirani kuti foniyo siizitentha mukamasewera PUBG ili pa chaja. Funsani amene akuigwiritsa ntchito kale, onaninso zotsatira za oyesa oima paokha.

Sindikuletsa munthu kutchenetsa kompyuta yake. Ena amaika marimu odula pa galimoto, ena amasoketsa suti ya ukwati umodzi, ndipo ndi ndalama zawo. Ngati mapaipi owala akukusangalatsani ndipo thumba likulola, pangani. Chimene ndikukana ndi kugulitsa kukongola m'dzina la liwiro, n'kumapangitsa mnyamata amene wakhala akusunga ndalama chaka chonse kuganiza kuti kompyuta yake njoperewera popanda madzi. Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Musanatumize ndalama kwa wogulitsa, lowani mu BIOS muone ngati XMP njoyatsa, kenako tsegulani HWiNFO muone madigiri. Manambalawo ndiwo akuuzeni chogula.