KUGULA NYUMBA M'TAUNI: MAU KWA ABALE ASANAPEREKE NDARAMA

Kwa abale onse a Msonkhano wathu, amuna ndi akazi, okhala kuno kwathu ndi okhala kutali pa ntchito:

Mwa nkhani zonse zimene abale amadza nazo kwa ife a Komiti, palibe imene ichotsa munthu tulo monga ya kugula nyumba m'tauni. Munthu asunga ndarama zaka khumi kapena makumi awiri, adzimana chovala, ana ake adya ndiwo za masamba mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku limodzi apereka chuma chonsecho m'dzanja la munthu amene wamdziwa sabata limodzi lokha. Chifukwa chake tayesa kuti nkwabwino kulemba maganizo athu m'kalata ino, kuti yense awerenge kwao modekha, ndipo tikadzasonkhana tidzaweruze pamodzi. Mau athu ndi awa: wogula nyumba m'tauni agula pepala, ndipo zipupa ndi malata zitsata pepalalo, tsono nkhawa yaikuru ya ogula ichokera pa kusadziwa pepalali, ndi pa kuyenda yekha ulendo woyenera anthu awiri kapena atatu.

Tisadabwe kuti chinthuchi chitivuta, pakuti si mwambo wa makolo athu. Kumudzi malo sagulidwa. Mfumu iloza ndi ndodo, akuru a banja aona, mtengo wa msuku kapena chulu chikhala malire, ndipo mudzi wonse ukumbukira. Mboni ndiwo anthu. Koma makolo athu a ku mapiri a Shire anaona kale mphamvu ya pepala, naiona ndi misozi. Kuyambira 1892 Harry Johnston anapatsa Azungu zikalata za umwini pa malo akuru amene iwo ananena kuti anagula kwa mafumu, ndipo anthu okhala pa malowo anapezeka ali alendo ogwira thangata. Kudandaula kumeneku kunali pakati pa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Masiku amenewo anapita, dziko liri m'manja mwa eni ake. Koma lamulo lakuti cholembedwa chiposa chokumbukiridwa silinachoke, ndipo m'mizinda ndilo liweruza mirandu ya malo kufikira lero.

Ndipo mizinda yakula kopambana. Likulu linachoka ku Zomba kunka ku Lilongwe mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu 989,318, wa Blantyre 800,264. Boma linakhazikitsa Malawi Housing Corporation mu 1964 kuti imange nyumba ndi kugawa mapuloti, koma ofuna nyumba achuruka kuposa nyumba zake. Chotero ambiri a ife tigula kwa munthu wamba, ndipo pamene ofuna ali ambiri, wogulitsa ndiye mfumu. Iye ati, "Alipo wina abwera ndi ndarama mawa." Mau amenewa ndiwo agwetsa anthu ochenjera, pakuti munthu wothamangitsidwa safunsa, ndipo akuru anati safunsa anadya phula.

Poyamba wogula adziwe kuti nyumba za m'tauni siziri za mtundu umodzi, ngakhale malata ake afanane. Ziripo zimene malo ake ali ndi chikalata cholembedwa m'kaundula wa Boma, kawirikawiri lizi ya zaka 99, imene mwini wake alipira msonkho wa malo chaka ndi chaka. Ziripo zina za pa mapuloti ogawidwa ndi khonsolo ya mzinda kapena ndi Malawi Housing Corporation, monga ambiri a ku Kawale, Area 25, Zingwangwa ndi Bangwe. Pamenepo dzina la mwini liri m'buku la amene anagawa pulotiyo, ndipo ndi komweko liyenera kusinthidwa. Ndipo ziripo za m'madera amene anthu anangomanga popanda mapulani, monga Mtandire ndi mbali zambiri za Ndirande, kumene malonda achitika pamaso pa mfumu ya m'deralo ndi kalata yolembedwa pa manja. Sitinyoza kalata yotere, pakuti ndiyo abale ambiri ali nayo, ndipo iposa kusakhala ndi kanthu. Koma wogula asanyengedwe kuti ifanana ndi chikalata cha m'kaundula. Lamulo la mafumu la 1967 silipatsa mfumu ulamuliro mkati mwa mzinda popanda chilolezo cha khonsolo, ndipo banki pofuna chikole ifunsa chikalata cha m'kaundula. Mtengo wa nyumba uyenera kutsata mtundu wa pepala lake.

Tsono tilongosole njira imene tiyesa kuti yense aitsate, angakhale afulumizidwe chotani.

1. Pitani ku kaundula musanapereke kanthu. Maofesi a za malo ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo pansi pa lamulo la kaundula wa malo la 1967 munthu akhoza kulipira ndi kupempha kuti amuonetse zolembedwa za puloti. Pamenepo mudzaona dzina la mwini weniweni, ndiponso ngati nyumbayo iri chikole cha ngongole ku banki, kapena ngati wina anaikapo chiletso. Pepala limene wogulitsa akuonetsani m'thumba mwake likhoza kukhala lakale kapena lopeka. Buku la kaundula ndilo linena zoona.

2. Dziwani amene akugulitsani. Dzina la pa chiphaso chake cha unzika lifanane ndi la m'kaundula. Ngati ali pa banja, funsani kuti mkazi wake kapena mwamuna wake adziwe, nasaine monga mboni. Ndipo ngati mwini nyumba anamwalira, chenjerani kawiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 liteteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo woyenera kugulitsa ndiye amene wapatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho mwa lamulo, si mwana woyamba kapena malume chifukwa cha ukulu wao wokha. Wogula kwa mbale mmodzi wa womwalira, ena osadziwa, wagula mlandu.

3. Yendani pa malopo ndi woyeza malo wovomerezeka, apeze mabikoni onse, kuti mudziwe ngati mpanda kapena chimbudzi sichinalowe kwa mnansi kapena m'malo a mseu. Funsani anansi za madzi a mvula, ndipo mukakhoza kaoneni nyumbayo mu Januwale kapena Febuluwale, pakuti nyumba yopakidwa laimu m'chilimwe iri ngati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tonse tikumbukira Marichi wa 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, nafa anthu ochuruka. Malo a m'mphepete mwa phiri ndi m'mbali mwa mtsinje atsika mtengo pa chifukwa.

4. Werengani ngongole zimene zimamatira ku nyumba: msonkho wa khonsolo, msonkho wa malo, madzi ndi magetsi. Pa nyumba ya lizi pafunika chilolezo cha mwini nthaka kuti lizi isamuke, pafunika chikalata cha Malawi Revenue Authority chosonyeza kuti za msonkho ziri bwino, pali msonkho wa sitampu pa chikalata chosinthira umwini, ndi malipiro a loya ndi a woyeza malo. Abale ambiri asonkhanitsa mtengo wa nyumba wokha, naiwala zimenezi, ndipo akhala m'nyumba zaka zambiri dzina la m'kaundula likali la wogulitsa. Wogulitsayo akamwalira, ana ake apeza dzina la atate wao m'buku, ndipo mlandu uyamba. Patulanitu ndarama za mapepala musanayambe kukambirana mtengo.

5. Lipirani kudzera ku banki ndi m'magawo, ndipo gawo lotsiriza lidikire kufikira zikalata zosinthira dzina zitasainidwa. Pangano lilembedwe ndi loya wa inu mwini. Wokuperekezani amene adya pa mtengo wa malondawo, kaya atchedwe ejenti kaya dobadoba, afuna kuti malonda athe msanga. Si mdani wanu, koma sangakhalenso mlangizi wanu.

Tidziwa chimene ena adzayankha, ndipo sitichiyesa chopepuka. Adzati, "Inu a Komiti munena za kudekha, koma ndarama isungunuka m'manja." Anena zoona. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi nyumba zomwe inakwera. Wosunga ndarama miyezi isanu podikira mapepala aona ndi maso ake chuma chake chikuchepa. Ngongole nayonso siiri pothawira popepuka. New Building Society, imene inayamba mu 1964 kubwereketsa ndarama za nyumba, inasanduka NBS Bank mu 2004. Ndipo mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake pa 26 pa 100. Tiwerenge pa mlingo umenewo: wobwereka K20,000,000 alipira K5,200,000 pa chaka choyamba ya chiwongoladzanja chokha, ndiko kuposa K430,000 pa mwezi, ngongole yeniyeniyo asanaikhudze. Mphunzitsi kapena kalaliki angaipeze kuti? Chifukwa chake ambiri agula ndi ndarama ya penshoni kapena ya zaka zonse za ku ulendo, ndipo mantha ao ali ndi maziko.

Koma yankho lathu ndi ili: kugwa kwa Kwacha kukuchotserani gawo la chuma chanu, wogulitsa wonyenga akuchotserani chonse, nakuonjezerani zaka za kuyenda ku bwalo la mirandu. Kufufuza ku kaundula ndi kuyeza mabikoni ndi ntchito yaing'ono poilinganiza ndi zaka zimene munasungira ndaramazo. Wogulitsa woona sakana kuti mufufuze. Amene akwiya mukatchula kaundula wakuuzani kale zonse zimene munafuna kudziwa.

Tinenenso kwa abale athu ali ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Harare ndi ku Britain, amene atumiza ndarama kwao kuti mbale awagulire nyumba. Sitinena kuti abale ndi akuba, iai. Koma ndarama yofika pa mudzi wa njala ndi maliro ipeza ntchito zambiri, ndipo mbale wogula m'dzina lake "kuti zinthu zifulumire" aika mwala pakati pa ana anu ndi ana ake. Lembani kalata ya mphamvu kwa loya yotchula chimene mbaleyo aloledwa kuchita, ndipo dzina lolowa m'kaundula likhale lanu. Kutero ndiko kusunga chibale.

Chimodzimodzinso kwa amuna ali pa banja: ngati mkazi anaika thukuta lake pa nyumbayo, kaya ndi malipiro kaya ndi geni ya pa msika, maina onse awiri alembedwe. Lamulo lilola kuti anthu awiri akhale eni a malo amodzi. Dzina lolembedwa lero lipulumutsa mkazi wamasiye ku manyazi a kutulutsidwa m'nyumba imene anamanga yekha.

Pomaliza, sikuyenera kuti katundu yense akhale pa wogula. Njira imene talongosolayi ipita m'maofesi anai kapena asanu, ndipo munthu wosadziwa Chingerezi afika pa khomo osadziwa chofunsa. Pamenepo ndi pamene madobadoba adyera. Malamulo atsopano a malo anakhazikitsidwa mu 2016 nakonzedwanso mu 2022, koma lamulo limene mwini nkhani sangaliwerenge limthandiza pang'ono. Chotero tiika pamaso pa Msonkhano mfundo zitatu izi kuti abale adzazivomere kapena kuzikana:

Yoyamba, kuti tisankhe abale atatu odziwa kuwerenga zikalata, mmodzi mwa iwo akhale mai, amene adzaperekeza mbale ali yense wofuna kugula nyumba ku kaundula ndi ku malo, osalandira mphotho kwa wogula kapena kwa wogulitsa.

Yachiwiri, kuti tilembe kalata yaulemu kwa Boma ndi ku makhonsolo a mizinda, yopempha kuti njira yonse yosinthira umwini wa nyumba, pamodzi ndi malipiro ake, ilembedwe m'zinenero zathu ndi kukhomedwa pa khomo la ofesi iri yonse.

Yachitatu, kuti mbale ali yense amene anagula kale nyumba koma dzina silinasinthidwe adziwitse Mlembi mseri, kuti athandizidwe wogulitsa akali ndi moyo.

Abale, nyumba ndiyo chuma chachikuru chimene ambiri a ife tidzasiyira ana athu, ndipo mutu umodzi susenza denga. Idzani ku msonkhano mutawerenga, ndipo amene ali ndi maganizo otsutsa adze nao, tidzawamva ndi ulemu.

Ndife anu mu ntchito ya kuthandizana,

A Komiti.