TIDZIWE IZI: Bwanji matope sadikha msanga?

Awerengi, mvula ikagwa mitsinje yathu ya kuno ku Angónia, monga Lifidzi, imafiira ndi dothi. Mayi akatunga madzi otere nkuwaika pakhonde, mchenga umakhala pansi nthawi yomweyo, koma madziwo amakhalabe a mbuu mpaka mawa. Kodi chimagwira matopewo nchiyani?

Yankho lake ndi magetsi. Tizidutswa ta dongo timene timayandama m'madzi nting'onoting'ono zedi, ndipo kalikonse kali ndi mphamvu ya magetsi yonga ya kumatako kwa batire, kuja kuli chizindikiro cha (-). Mphamvu zofanana zimakankhana, choncho tizidutswato sitingagwirane kuti tilemere ndi kumira.

Izi si nthano. Mu 1809 Ferdinand Reuss, mphunzitsi wa ku Moscow, analemba kuti ataviika mawaya a batire m'madzi a dongo, dongolo linayamba kuyenda kulowera ku waya wa (+). Ndiye kuti dongo likamayenda m'madzi limasenza magetsi.

Tsono mankhwala ake nkulipatsa mphamvu ya (+). Kumalo oyeretsera madzi a m'mipopi amathira alamu, amene amagulidwa ndi ndalama zambiri. Koma njere za chammwamba, mtengo umene umakonda kotentha monga ku Moatize ndi ku Tete, zili ndi mphamvu yomweyo. Mu 1994 akatswiri a yunivesite ya Leicester, ya ku England, anathira ufa wa njerezi m'malo mwa alamu pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo m'dziko la Malawi, ndipo madzi a mumtsinje anayera bwinobwino.

Pakhomo nzosavuta. Sendani njere zouma, imodzi kapena ziwiri pa lita iliyonse. Sinjani, sungunulani ufawo m'kapu, thirani mu ndowa. Takasani mwamphamvu pang'ono, kenaka mofatsa, nkusiya osagwedeza kwa ola limodzi kapena awiri. Matope adzaundana nkutsikira pansi. Tsanulani a pamwambawo mosamala.

Koma apa mveretsani, abale anga. Madzi oyera m'maso sindiye kuti ngabwino. Tizilombo ta kolera tina timatsala ndithu. Wiritsani madziwo kapena thiranimo Certeza ana asanamwe. Ubwino wake ngwakuti mankhwalawa amagwira bwino ntchito m'madzi amene matope achoka kale.

Amene muli ndi abale kuchigwa, auzeni akamabwera pabasi asaiwale kathumba ka njere. Tionana sabata yamawa.